Wogwira Mbali Ina ya Chingwe

9 Juni

Amake Tsabola,

Ndiyambe ndi moni, mafunso pambuyo. Muli bwanji kumeneko, inu, amayi, ndi mwana wathu wa pakamwa poyabwayo? Amayi mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira, ndipo utuchi wa pafakitale pano walowa paliponse, m'makutu, m'matumba, ngakhale mu tiyi.

Adalaivala amene akupatseni kalatayi akupatsaninso kabokosi. M'menemo muli foni. Si yatsopano, ndagula kwa mnzanga wa pa makina opalira matabwa, ndipo pakona ili ndi mng'alu, koma imajambula bwino ndipo batire lake limakhalitsa. Musampatse Tsabola, angaimalize ndi magemu. Kotchajitsa muzipita kwa ometa tsitsi aja, osati kugolosale kumene foni imapita ndi batire lake n'kubwera ndi la eni.

Ndaigula kuti ndizikumvani mawu. Koma makalata sindisiya. M'chipinda muno tadzazana, ndipo munthu ukangoti "halo" onse amatchera khutu ngati watsegula wailesi. Achipewa, mkulu amene bedi lake lagundana ndi langa, amene chipewa savula ngakhale pogona, amachita kuyankhira nawo. Ndiye zoti ndakusowani ndizinenera papepala, iwo asamve.

Mwati chaka chino mwakololanso zosafikitsa kumapeto. Sindinadabwe. Nthaka ija inatopa, ndi imene inandithamangitsa ine pakhomo. Komabe musaugoneke mundawo. Mapesi muunjike, mutenthe msanga mbewa zisanamangemo midzi, ndipo Ogasiti akamatha mizere ikhale itayambika. Ndatumiza kangachepe ka aganyu. Kotsalako mugulire amayi mafuta opaka mwendo.

Ine ndapangana ndi mtima wanga. Ndikapeza malata okwana nyumba yonse, ndikubwera, ndipo sindidzachokanso. Ndinatuluka pakhomopo ndi chikwama chimodzi anthu akuona, sindingabwererenso ndi chikwama chomwecho.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Tsabola

24 Ogasiti

Amake Tsabola,

Moni nonse. Ndamva kuti Tsabola anadwala chimfine, ndikhulupirira chatha, poti pafoni dzana ndinamumva akukalipira mbuzi. Ine ndili bwino.

Koma inu, ndinakutumizirani foni kapena sukulu? Mwandilowetsa m'gulu lanu la alimi osandifunsa, ndiye foni yanga ikungolira tsiku lonse, mpaka akapitawo anandifunsa ngati ndatsegula bizinesi. Pa nthawi yopuma masana ndinakhala pa mulu wa matabwa n'kumvetsera mauthenga a mawu amene alangizi anuwo amatumiza. Ati mapesi musatenthe. Ati mizere musaunge. Ati mungoyala mapesiwo pansi, mvula ikagwa muziboola timaenje n'kuponya njere imodzi imodzi. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Achipewa anati, "Amenewo ndiye alangizi, anachedwa kubadwa. Akanabwera kale ine sindikanathawa khasu."

Munda wa bambo anga uoneke ngati bwalo losasesa? Anthu odutsa aziti mwamuna anapita, mkazi n'kuyamba ulesi. Nanga chiswe? Nanga mbewa? Mwati zonsezi munafunsa m'gulumo ndipo anakuyankhani, mpaka mayi wina wa kutsidya anatumiza vidiyo ya munda wake. Mwatinso amayi poyamba analavula malovu, koma ataona vidiyoyo anakulandani foni n'kuonera kawiri. Ndiye nkhaniyi munaimaliza kale awirinu, kwa ine mwangobweretsa chiweruzo.

Chabwino. Safunsa anadya phula, inu mwafunsa. Theka la kumtunda, louma lija, chitaniko zanuzo, palibe chimene titaye kumeneko. Koma theka la kumunsi ndikufuna mizere monga kale, yowongoka, yoti munthu akaima pamsewu adziwe kuti pakhomopo pali mwini.

Kuntchito abweretsa macheka aakulu atsopano. Akapitawo achotsa chotchingira chake, ati chikuchedwetsa ntchito, oda ndi yambiri. Andiika ine pamenepo chifukwa ndine wachangu, ndipo malipiro akwerako pang'ono. Malata akuyandikira. Ndinakafunsa mtengo wake, wakweranso, koma tikumana nawo.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti andigulitsa.

Ine wanu,
Bambo a Tsabola

20 Januwale

Amake Tsabola, mayi wanga,

Moni wa chaka chatsopano kwa nonse. Ndili bwino, kungoti kuno kukutentha ndipo tikugwira mpaka Loweruka.

Zithunzi ndaziona. Ndaziona, ndazionanso, ndazikulitsa ndi zala mpaka Achipewa anati ndiboola galasi. Ng'amba imeneyi ikanakhala ya zaka zija, bwenzi pano mukundilembera za maliro a chimanga. Kumunsi kwa mizere yanga yowongoka ija masamba apiringizika ngati a anyezi. Kumtunda, kumene ndinati n'kotaya, chimanga chili bii, ndipo pa chithunzi chimene mwafukula mapesi n'kufumbata dothi, ndaona ndi maso anga kuti ndi lonyowa. Ndagonja. Mukauze alangizi kuti munthu uja ankaseka pa mulu wa matabwa wapepesa. Za mbozi munachitanso bwino kujambula n'kutumiza m'gulu tsiku lomwelo. Ine ndikanati tidikire tione, n'kudikira mpaka munda kutha.

Koma pali vidiyo imodzi imene yandikhala pamtima, imene Tsabola anakujambulani tsiku lobzala. Chingwe chanu chija, chimene mwamangirira zitsekerero za mabotolo kuti mapando atalikirane mofanana. Ndinakuonani mukukhoma chikhomo mbali ino, n'kuyenda mpaka uko kukakoka chingwe, kubzala mzere wonse, n'kubwereranso kudzazula chikhomo, kuchisuntha, kukhomanso. Munda wonse choncho. Imeneyo ndi ntchito ya anthu awiri, wina uku wina uko, kungosuntha pamodzi. Inu munaigwira ndi chikhomo pomwe muli ndi mwamuna. Sindinadye bwino tsiku limenelo.

Amayi okha ndi amene anandiseketsa. Atakhala pa thumba pakati pa munda, miyendo tambalale, akuyala mapesi mozungulira ngati akuyalira mwana pogona, n'kumauza kamera kuti, "Uwu ndiye ulimi wa ife nkhalamba, sufuna msana." Muwauze asamakhalitse padzuwa.

Mwati ndibwere, mundawu tsopano ungatidyetse, chikusowa ndi manja. Ndamva. Mtima wanga uli kale kumeneko. Ingondilolani ndimalize za malatazi. Pokolola mundiona, ndipo chaka chamawa chikhomo chimenecho tidzasonkhera moto.

Ine wanu nthawi zonse,
Bambo a Tsabola

5 Malichi

Amake Tsabola,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndiliko.

Musadabwe ndi zilembozi, akundilembera ndi Achipewa. Ndinadzicheka pang'ono kuntchito, amanga bandeji, ndiye cholembera chikuvuta kugwira. Si nkhani. Chakudza sichiimba ng'oma. Masabata apitawa simunandipeze pafoni chifukwa inali kwa okonza. Yabwera, koma kamera yake yafa, ndiye zoimbirana pa vidiyo zija tisiye kaye. Muzingotumiza mawu.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Andichotsa pa macheka paja, andiika kosesa utuchi kwa kanthawi. Za aganyu okolola muyambe mwaona mmene mungachitire. Za kubwera pokolola ndidzakuuzani.

Nkhuku zili bwanji? Yoyera ija inaswa angati? Muonetsetse kuti khola likutsekedwa bwino, nyengo ino afisi ndi avumbwe amayendayenda. Tambala wofiira uja ngati akuvutitsabe anzake mumugulitse. Muzipatsanso madzi oyera, chitopa chimayamba ndi madzi oipa. Mundiuze zonse za nkhukuzo.

Achipewa akuti ndikupatseni moni, ndiponso akuti zilembo zawo n'zokongola kuposa zanga.

Ine,
Bambo a Tsabola

29 Meyi

Amake Tsabola,

Sindikudziwa kuti moni ndimupereka bwanji. Muli bwanji inu ndi mwana? Ine thupi lilipo.

Ndikulemba ndekha. Zilembo zikukhotakhota chifukwa ndikulembera pabondo.

Zikomo poika amayi anga. Zikomo powasambitsa m'masiku awo omaliza, powatembenuza, powamwetsa madzi ndi supuni. Zonse zimene anayenera kuchita mwana amene anamubereka munachita ndinu. Munandiimbira akadali moyo, munati akufunsa ngati ndanyamuka. Ine ndinati mapepala anga oyendera sali bwino, ndipo kuntchito sangandilole. Munangoti "chabwino." Chabwino ameneyo ndimamumvabe mpaka lero.

Tsiku loika munasiya foni yotsegula m'thumba mwanu monga ndinakupemphani. Ndinakhala kuseri kwa shedi, pamene timataya zidutswa za matabwa, foni pakhutu. Ndinamva nyimbo, ndinamva Tsabola akulira, ndinamva mafosholo. Ndinamvanso munthu wina pafupi nanu akuti, "Mwana wawo mmodzi yekhayo osabwera?" Kenako mayunitsi anatha, ndipo belu linalira, ndinabwerera kukasesa.

Ndine mwana woipa, amake Tsabola. Palibe chifukwa chokometsera. Madzi akatayika saoleka.

Ndamva m'gulu kuti mwakolola bwino, kuti theka la kumtunda lokha ladzaza nkhokwe, ndipo anthu akumabwera kudzaona. Amayi anadyako chimanga chachiwisi cha m'munda umene anayala okha? Mundiuze kuti anadyako. Chimenechi chokha ndikufuna kudziwa.

Chimanga musagulitse msanga, mitengo ya nthawi yokolola ndi yachipongwe. Zovala za amayi mugawire achemwali awo, koma kampando kawo kaja mundisungire.

Kodi nkhuku zinatsalako pambuyo pa maliro? Ngati yoyera ija ilipo muisamale.

Ine,
Bambo a Tsabola

11 Ogasiti

Amake Tsabola,

Moni kwa inu ndi Tsabola. Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale simunandiuze. Kalata yanga ija adalaivala akuti anakupatsani m'manja. Pafoni mumandiyankha mawu awiri, "tili bwino," basi. Sindikudandaula. Walira mvula walira matope.

Mawu anu ambiri ndimawamvera m'gulu. Alangizi akuikani kuti muziphunzitsa anzanu, ndiye tsiku lililonse mumatumiza uthenga: mapesi ayalidwe mochindikala bwanji, mbuzi muzitchingire bwanji zisadye zophimbira, nandolo alowe pati. Pali uthenga wina umene bambo wina anafunsa ngati ulimi umenewu ukufuna mankhwala ochokera kunja, inu n'kuseka musanamuyankhe. Kuseka kumeneko ndinakusunga. Ndimakumvera m'mawa ndikamapita, ndi madzulo ndikamabwera. Ine mwamuna wanu, kuba kuseka kwa mkazi wanga m'gulu la anthu. M'gulumo sindinalankhulepo ngakhale kamodzi, mwina ena anaiwala kuti ndilimo.

Ku fakitale kuja ndinasiya. Tinene kuti tinasiyana. Pano ndimakhala pageti la malo oimikapo magalimoto, kutsegula ndi kutseka. Pali kampando ndi ambulera. Ndalama yake ndi yogulira buledi ndi kulipira bedi, n'chifukwa chake envelopu ino yapepuka. Za malata tisakambe.

Mwa adalaivala munatumiza mawu akuti chaka chino mukuphimbira munda wonse, ndipo mukufuna ndibwere mvula isanagwe, malata kaya palibe. Amake Tsabola, sindingathe. Musandifunse chifukwa. Munthu amene mukumudikirayo, amene ankatha kuunga mizere kuchokera kumsewu mpaka kudambo dzuwa lisanafike pamutu, ndikanakonda nanenso nditamuona. Mundawo mukuutha nokha, ndaona. Pakamwa pena powonjezera sipangakuthandizeni.

Nkhuku zikuikira?

Ine,
Bambo a Tsabola

3 Okutobala

Amake Tsabola, mkazi wanga,

Moni. Za moyo wanga lero ndinena zoona: sindili bwino, ndipo sindinakhale bwino kuyambira Febuluwale.

Lachiwiri masana ndinali pageti, foni inalira, ndinaona kuti ndi uthenga wanu m'gulu. Ndinatsegula ndikuyembekeza za mapesi. Munayamba ndi kuti, "Alangizi, izi ndikufunsa inu nokha, zisamveke." Pomwepo ndinadziwa kuti mwalakwitsa potumiza, mwadina dzina la gulu m'malo mwa dzina lawo. Ndinafuna kukuimbirani kuti mufufute. Koma mawu anu anapitirira, ndipo ine ndinangouma.

Munati, "Bambo a kunyumba anavulala dzanja kuntchito, lamanja. Sanandiuze, akuchita manyazi. Khasu sangagwirenso. Ndiye ndimati mundiuze, pa ulimi wathuwu, ntchito zimene munthu wa dzanja limodzi angagwire ndi ziti, kuti ndikamawaitana ndikhale ndi chowauza. Akuganiza kuti akabwera adzakhala mtolo."

Galimoto inaima pageti n'kumaliza hutala, ine osaimva. Mwini wake anachita kutsika kudzatsegula yekha, akunditukwana.

Ndi zoona. Macheka aja anatenga zala zinayi, chatsala chachikulu chokha. Kamera sinafe. Pabondo sindilembera, ndikulemba ndi lamanzere ngati mwana woyamba sukulu. Mapepala anga analibe vuto. Ndinaopa kutsika basi ndi dzanja m'thumba, opanda lata ngakhale limodzi, anthu n'kumati uyo anapita kukafuna chuma uja. Ndinaopa kuti amayi aona.

Ndiye munapitiriza, ndipo apa ndi pamene munandipha. Munati, "Apongozi anga ndi amene anayamba kudziwa. Nditawawerengera kalata ya mu Malichi anati, mwana wangayu kuyambira ali wamng'ono akamabisa kanthu amafunsa za nkhuku. Akaswa mbale, za nkhuku. Akathawa kusukulu, za nkhuku. Pitani mukawapanikize adalaivala. Ndinawapanikiza, anandiuza. Apongozi analira, kenako anati tisamuuze kuti tadziwa, abwere yekha mtima ukamulola. Mpaka tsiku lomaliza ankati, akabwera mumuuze kuti ine ndinayala munda wonse wa kumtunda nditakhala pansi."

Amake Tsabola, ndiye kuti amayi ankadziwa. Ndinawabisira chinthu chimene anali atachilira kale. Ankandidikira ndi dzanja langa lomweli, ine n'kukhala kuseri kwa shedi kumvetsera mafosholo pafoni. Chimenechi sichidzandichoka mpaka nanenso adzandikwirire.

Ndinkayembekeza kuti gulu likhala chete, kapena wina aseka. Koma foni inayamba kulira, ndipo sinasiye mpaka dzuwa kulowa. Mayi wa kutsidya uja anati kuyala mapesi sikufuna zala khumi. Ometa tsitsi anati kuponya njere m'phando ndi dzanja limodzi kale, linalo limangonyamula mbale, ndipo mbaleyo angathe kundimangirira m'chiuno. Alangizi anati ndodo yoboolera mapando aisula ndi lamba wolowetsa pamkono. Ndipo bambo uja anafunsa pamaliro kuti mwana wawo osabwera, ndinamuzindikira mawu, anati, "Ngati akumva, muuzeni abwere. Ifenso tinakalamba, tonse ndife a dzanja limodzi." Palibe amene ananditchula dzina, koma onse ankalankhula mokweza ngati akudziwa kuti ndili kuseri kwa chitseko.

Uthengawo simunafufute. Kaya munalakwitsadi, kaya munachitira dala, sindidzakufunsani.

Achipewa atamva zonsezi anavula chipewa, koyamba chidziwireni, n'kupukutira nkhope. Anati, "Iwe pita. Ine wondiitana anatha."

Adalaivala akunyamuka ndi kalatayi mawa. Ulendo wawo wotsatira ndikwera nawo. Ndikubwera ndi chikwama chomwe chija. Musaphe kanthu, musaitane anthu. Mumuuziretu Tsabola za dzanjali kuti asadzadzidzimuke, ndipo ngati ali ndi mafunso adzafunse, pakamwa pake ndikupadziwa. Ndikatsika, ndisanalowe m'nyumba, mudzanditengere kumene mwagoneka amayi. Ndili ndi mawu oti ndikawauze, ngakhale ndachedwa nawo.

Kenako mudzandionetse mundawo. Chikhomo chija musachikhomenso. Chingwe ndidzachikulunga pamkono, inu uko ine uku.

Za nkhuku sindifunsa.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Tsabola